Alosi a M'sitima ya ku Huddersfield

Pa anthu onse olosera zam'tsogolo, palibe wolimba mtima kuposa wochemerera masewero. Wa zanyengo akamanena za mvula amasiya kampata kothawira, amati "mwina" kapena "m'madera ena". Ife ogwira ntchito m'boma tikamalemba za ndalama zimene zidzatoleredwe chaka chamawa, timatchingira manambala athu ndi mawu ambirimbiri kuti zikadzalephereka tidzapeze ponamizira. Koma wochemerera alibe "mwina". Mukamufunsa Lachisanu za masewero a Loweruka, amakuuzani wopambana, zigoli zake, ngakhalenso dzina la wodzagoletsa, ngati kuti wangochokera kumeneko. Zikapanda kutero sachita manyazi. Sabata inayo mudzamupeza akuloseranso ndi mphamvu zomwe zija.

Khalidwe limeneli ndidakula ndikuliona kuno kwathu, m'maofesi, m'maminibasi ndi m'mabwalo a mpira, makamaka Bullets ndi Wanderers zikamakumana. Koma kumene ndidakalimvetsa bwino ndi kutali, kumpoto kwa dziko la England, pa masewero amene Amalawi ambiri sitiwatsatira n'komwe, otchedwa rugby league.

Mu Seputembala 2014 ndidapita kukachita maphunziro a chaka chimodzi mumzinda wa Leeds. Ndidapeza chipinda cha lendi m'nyumba ya bambo ena achikulire, a zaka pafupifupi 70, amene adapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Nyumbayo idali kufupi ndi bwalo la Headingley, kwawo kwa timu ya Leeds Rhinos. Ligi itayamba mu Febuluwale 2015, phokoso la ochemerera linkalowera pazenera usiku, ine ndili pakati pa mabuku. Tsiku lina bambowo adagogoda pachitseko changa, m'manja muli matikiti awiri, nati munthu sangakhale chaka chathunthu pafupi ndi gule osapita kukaona ovina. Kuyambira pamenepo ndidasanduka mnzawo wopita naye kubwalo.

Ndifotokoze pang'ono za masewerowa kuti tiyendere limodzi. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri ngati papaya, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera 13. Amathamanga ataunyamula m'manja, koma kuponyera mnzako amene ali kutsogolo kwako n'koletsedwa. Mpira umaperekedwa cham'mbali kapena chakumbuyo. Adani amayesetsa kugwetsa amene waunyamula. Timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi, mpira umapita kwa anzawo, n'chifukwa chake akagwetsedwa kachisanu nthawi zambiri amaumenya ndi phazi kuti ukagwere kutali. Wosewera akakagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, ndiye kuti wagoletsa chimene amachitcha try, ndipo ndi mapointi 4. Kenako timu yake imapatsidwa mwayi womenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo iwiri italiitali, pamwamba pa mtanda, n'kuwonjezera mapointi 2. Penate nayonso ndi mapointi 2. Masewero amatenga mphindi 80, ndipo chimene chimalengeza kutha kwa nthawi ndi huta yolira ngati ya kufakitale.

Chaka chimenecho Leeds inkasewera mwapamwamba zedi, koma bambo a nyumba aja sadaloserepo chipambano ngakhale tsiku limodzi. Tikamatuluka pakhomo ankadzikulunga sikafu yawo ya buluu ndi chikasu, n'kupukusa mutu. "Lero ndiye atimenya, mwana wanga," ankatero. Tikapambana ankati adaniwo adangobwera atatopa. Ngakhale pa 29 Ogasiti, pamene Leeds inkalimbirana chikho cha Challenge Cup ndi Hull Kingston Rovers pa bwalo la Wembley, iwo adati mtima wawo sukuwauza zabwino. Leeds idapambana 50-0, Tom Briscoe yekha n'kugoletsa kasanu. Madzulo ake bambowo adangoti zoterezi zimakhala ndi malipiro ake.

Malipirowo adabweradi. Leeds idagonja masewero atatu otsatizana, kwa St Helens, Catalans Dragons ndi Castleford Tigers. Pa tebulo la ligi, pomwe kupambana kumapereka mapointi 2 ndipo kufanana mphamvu imodzi, Leeds ndi Wigan Warriors zidafika pa masewero otsiriza zili ndi mapointi 39 iliyonse, Huddersfield Giants ikuzipumira m'khosi ndi 38. Leeds idali pamwamba kokha chifukwa cha kusiyana kwa zimene idagoletsa ndi zimene idagoletsedwa. Timu yothera pamwamba imalandira chishango chotchedwa League Leaders' Shield, ndipo matimu awiri oyamba amasewerera pakhomo mu semifainolo. Lachisanu pa 25 Seputembala, Wigan inkalandira Castleford pamene Leeds inkayenera kupita kwa Huddersfield. Popeza chishangocho chikadatha kuperekedwa ku Wigan kapena ku Huddersfield, akuluakulu oyendetsa masewerowa adachikweza mu helikopita kuti chikatsikire kumene kupezeke mwini wake. Kuwonjezera apo, akamuna atatu amene adanyamula Leeds kwa zaka zambiri, kaputeni Kevin Sinfield, Jamie Peacock ndi Kylie Leuluai, adali atalengeza kuti chimenechi n'chaka chawo chotsiriza m'timuyi.

Kuchokera ku Leeds kukafika ku Huddersfield ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 20 pa sitima yapamtunda. Koma koyenda n'koyenda. Paja akuluakulu adati kwa eni kulibe mkuwe. Alendo amakuunjikani mbali imodzi ya bwalo, nyimbo zolira pa zokuzira mawu ndi za eni, ndipo mukagonja msewu wobwerera kusiteshoni umatalika kawiri. N'chifukwa chake amene amatsatira timu koyenda amadziona ngati ochemerera enieni, osiyana ndi ongodikira kuti masewero awapeze pakhomo.

Tidanyamuka anthu anayi: bambo aja, mwana wawo wamkazi amene adali namwino, mdzukulu wawo wamwamuna wa zaka 9, ndi ine. Banjali lidali ndi mwambo wake pa maulendo otere. Aliyense ankaponya paundi imodzi n'kunena mmene masewero athere, ndipo woyandikira kwambiri ankatenga zonse. Ine adandipatula. "Inu ndi a boma," adatero namwinoyo akundipatsa cholembera ndi envulopu yakale, "kulemba ndi kusunga ndalama za eni ndi ntchito yanu."

Bambo aja sadachedwe. "Lembani 30-6, mokomera Huddersfield. Miyendo ya anyamatawa idatsalira ku Wembley."

Namwinoyo adayamba waganiza. Adawerenga pa zala osewera ovulala, nakumbutsa kuti Leeds idali itasewera masewero ambiri kuposa Huddersfield chifukwa cha chikho chija. Adati kaputeni wa eni bwalo, Danny Brough, ali ndi phazi lodziwa kuika mpira pamalo ovuta, ndipo timu yotopa imavutika kubwerera m'mbuyo kukautola. "Zikundiwawa, komabe lembani 18-12, Huddersfield," adatero.

Mnyamata uja adawayang'ana onse awiri ngati anthu ochita manyazi ndi mtundu wawo. "Agogo, inu simudziwa chilichonse. Lembani 50-0, ngati tsiku lija."

M'sitimamo mudali modzaza ochemerera Leeds, ndipo aliyense adali ndi ulosi wake. Ena ankati mphunzitsi Brian McDermott watha nzeru. Ena ankati Sinfield wakalamba, tsabola wakale sawawa. Mkulu wina wonenepa adaimirira pakati pa mipando n'kulumbira kuti akagonja usiku umenewo sadzapondanso kubwalo. Anzake adangoseka, nati lumbiro limenelo alimva chaka chilichonse. Chimene ndidaona n'chakuti onse olosera tsokawa adali atalipira tikiti ya sitima ndi ya kubwalo, atavala makaka a timu yawo, akupita kukaonerera chinthu chimene pakamwa pawo ankati n'chotayika kale.

Titatsika sitima, bambo aja adandigwira mkono n'kundilozera nyumba yaikulu yamiyala pafupi ndi siteshoni. Idali George Hotel, panthawiyo ili yotseka. M'nyumba imeneyo, pa 29 Ogasiti 1895, matimu a kumpoto kwa England adagwirizana zochoka m'bungwe la rugby la dzikolo. Mkangano wake udali wa ndalama. Osewera ambiri akumpoto adali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, amene ankagwira ntchito mpaka Loweruka, ndipo akajomba kuti akasewere ankadulidwa malipiro. Matimu awo ankafuna kuwabwezera kangachepe, koma akuluakulu a bungwelo adakana, nati masewero ndi ongosangalatsa, osati olandirirapo ndalama. Kugawanika kumeneko ndiko kudabala rugby league. "Mwaona," adatero bambowo, "masewerowa adabadwira kuno. Anthu awa sangatilole kutenga chishango pakhomo pa mayi wawo."

Masewero adayamba 8 koloko usiku pa bwalo la John Smith's, kukuzizira. Adali masewero olimba, ogundana thupi ndi thupi, opanda mbali yopereka mpata waulere. Sindikutayitsani nthawi ndi zonse zimene zidachitika. Chofunika n'chakuti pamene kudatsala mphindi zosakwana 10, Huddersfield idali patsogolo 16-8. Uthenga udayenda pa mafoni kuti Wigan ikusambitsa Castleford chokweza, ndipo idapambanadi 47-12. Helikopita ija idalunjika ku Wigan.

Apa ndi pamene ndidasiya kuyang'ana m'bwalo n'kuyamba kuyang'ana alosi anga. Namwinoyo adangoti zii, manja m'matumba, ngati munthu amene wauzidwa zotsatira za kuchipatala zimene ankaziyembekezera kale. Mnyamata uja milomo inkanjenjemera. Anthu ena adayamba kutsika masitepe kuti akapeze sitima yoyamba. Bambo aja adatembenukira kwa ine. "Ndinanena ine," adatero. Koma mawuwo adatuluka opanda kukoma kumene munthu amamva zake zikatheka, ndipo manja awo adali atafinya sikafu ija ngati akufuna kuichotsa madzi. Ulosi wawo unkakwaniritsidwa, koma m'bwalo lonselo padalibe munthu wofunitsitsa kuti ulephereke kuposa iwo.

Kenaka Tom Briscoe adagoletsa pakona, Sinfield n'kuwonjezera mapointi awiri, zikhala 16-14. Patangotsala kanthawi kochepa Leeds idapatsidwa penate, ndipo Sinfield adaloza ku mitengo ija. Pakati pa ochemerera padabuka mkangano. Ena ankakuwa kuti kufanana mphamvu n'kopanda ntchito, chishango chipitabe ku Wigan, bola kuyesa kugoletsa. Namwinoyo adandikuwira m'khutu kuti kaputeniyo akudziwa chimene akuchita: pointi imodzi inkakwanira kuti Leeds ithere pachiwiri n'kukasewerera semifainolo pakhomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpira udadutsa pakati pa mitengo, zikhala 16-16, ndipo ambiri adavomera mumtima kuti zathera pomwepo.

Kutatsala masekondi owerengeka, Danny McGuire adamenya kampira kokwera pang'ono kulunjika kumanzere. Mpira wosongoka uja ukagwa pansi palibe amadziwa kumene udumphire, ngakhale amene waumenya. Woteteza kumbuyo wa Huddersfield adaudikira kuti umupeze, koma Ryan Hall adafika ali pa liwiro, nauwakha, n'kuthamanga m'mbali mwa mzere mpaka kukaugunditsa pansi nthawi ikutha. Leeds 20, Huddersfield 16.

Zimene zidachitika mbali yathu sindingathe kuzilongosola mwadongosolo. Ndidapezeka ndakumbatiridwa ndi anthu osawadziwa, tiyi wa munthu wina ali pa jekete langa. Mnyamata uja adali paphewa pa mkulu wonenepa wa lumbiro uja. Magalasi a bambo a nyumba adagwera pansi pa mipando, ndipo pamene ndinkawatolera ndidaona kuti akulira, kukamwa kuli yasa ngati akuseka. Helikopita idatembenuka mumlengalenga kubwerera ku Huddersfield, ndipo tidadikira mozizira muja mpaka chishango chidafika m'manja mwa Sinfield.

M'sitima yobwerera, alosi a tsoka aja adali atasanduka anthu ena. Amene ankati mphunzitsi watha nzeru tsopano ankati ankadziwa kale kuti mkuluyo ali ndi pulani. Amene ankati Sinfield wakalamba ankafunsana kuti timu idzatani iye akachoka. "Ndinanena ine" adamveka kuchokera kumipando yonse, ndipo padalibe wofunsa mnzake kuti adanena liti. Wachisoni adali mnyamata mmodzi yekha amene adatuluka m'bwalo zili 16-8, n'kumva mkokomo wa chipambano ali panja pa mpanda. Anzake sadamusiye mpaka ku Leeds. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndidatulutsa envulopu ija. Namwino, amene adawerengera zonse mwanzeru, ulosi wake udali pafupi ndi zoona kwa mphindi zoposa 70. Bambo ake adalondola mbali imene inkaoneka yopambana mpaka kumapeto. Koma mapaundi atatu aja adapita kwa mwana amene adalemba 50-0, pakuti ndi yekhayo amene adati Leeds ipambana.

Ndidafunsa bambowo chifukwa chimene amaloserera kugonja masiku onse, chonsecho timu yawo ndi yamphamvu chotere. Adapukuta magalasi awo kanthawi asadayankhe. Adati Leeds idatenga ukatswiri wa ligi mu 1972, iwo ali mnyamata wongokwatira kumene, ndipo ankaona ngati zizikhala choncho chaka ndi chaka. Idadzatenganso mu 2004. "Zaka 32, mwana wanga. Chaka chilichonse tinkati chino ndiye chathu. Munthu ukalumidwa kambirimbiri umaphunzira kulira galu asanakulume." Kenaka adaloza mdzukulu wawo amene adali atagona, ndalama zake zili m'manja. Mwanayo adabadwa mu 2006, ndipo asanakwanitse zaka 7 Leeds idali itatenga ukatswiri mu 2007, 2008, 2009, 2011 ndi 2012. "Uyu akudziwa Leeds ina. Sitichemerera timu imodzi ine ndi iyeyu."

Mawu amenewo adandikhala. Wochemerera akamalosera timaganiza kuti akunena za mawa, chonsecho akutiuza za dzulo lake. Gogoyo ankalosera zaka 32 za njala. Mdzukulu ankalosera Wembley. Namwino, amene adakula m'njalamo n'kudzaona zokolola ali wamkulu, sankakhulupirira mantha kapena chimwemwe, koma zowerengeka pa zala. Inenso ndidadzipezamo. Ndidakula m'zaka 26 zimene Flames idakhala osapita ku mpikisano wa matimu a mu Africa, kuchokera mu 1984 mpaka 2010. Ngakhale tsiku lija tidagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola, ambiri a msinkhu wanga tidaonerera mphindi zotsiriza mtima uli m'mwamba, kudikira kuti tsoka litulukire pena pake. Kusiyana kwake n'kwakuti ife mantha athu timawabisa m'matama, timati tiwathira zinayi, pamene anthu a ku Yorkshire amawabisa m'madandaulo. Koma onse awiri ndi mankhwala a nthenda imodzi: kukonda chinthu chimene sungachithandize ndi manja ako. Wosewera ali ndi mpira, mphunzitsi ali ndi osewera, koma wochemerera ali ndi pakamwa pokha.

Sindingaiwale eni bwalo. Popita kusiteshoni usiku uja tidayenda pambuyo pa bambo wina wovala makaka a Huddersfield, atagwira dzanja kamtsikana kake. Timu yawo idatenga ukatswiri komaliza mu 1962, ndipo mu 2013 idathera pamwamba pa ligi koma osafika mu fainolo. Adayenda mtunda wautali osayankhulana. Kenaka kamtsikanako kadafunsa kuti tsopano zitha bwanji. Bamboyo adayankha mosakayika kuti sabata yamawa akapambana ku Wigan mu semifainolo, ndipo adzakumananso ndi Leeds yomweyi. Ku Wigan adakagonja 32-8. Komabe sindikhulupirira kuti bamboyo ankanamiza mwana wake. Ankamuuza kuti sabata yamawa adzapitanso, ndipo m'maulosi onse a ochemerera, mbali imeneyi ndi yokhayo imene imakhala yoona nthawi zonse.

Leeds idagonjetsa St Helens 20-13 mu semifainolo pa Headingley, ndipo pa 10 Okutobala idagonjetsa Wigan 22-20 pa bwalo la Old Trafford, pamaso pa anthu 73,512. Idatenga zikho zonse zitatu m'chaka chimodzi, koyamba m'mbiri yake, ndipo akamuna atatu aja adatsanzika bwino. Ine ndidabwerera kumudzi masabata omwewo, paja mlendo ndi mame.

Zotsatira zake palibe wa m'sitima muja akadazilemba pa envulopu. Mu 2016 Leeds yomweyo idathera pa nambala 9 ndipo Huddersfield pa nambala 12, onse awiri n'kumalimbana kuti asatuluke mu ligi yaikulu. Leeds idadzukanso n'kutenga ukatswiri mu 2017, koma kuchokera pamenepo mpaka 2025 sidautengenso. Ndipo Hull Kingston Rovers, imene idachititsidwa manyazi 50-0 pa Wembley, ndiyo idatenga zikho zonse zitatu mu 2025, patatha zaka 10. Chakudza sichiimba ng'oma.

Banja lija timalemberanabe pa WhatsApp. Bambo aja miyendo idayamba kuvuta, koyenda adasiya kupita, koma mwambo wa paundi imodzi ukadalipo, ndipo nthawi zina amanditumizira maulosi awo kuti ndisunge monga kale. A gogo sadasinthe, ndi kugonja basi. Namwino akadawerengabe ovulala. Amene wasintha ndi mnyamata wa 50-0 uja, yemwe tsopano ndi wamkulu, wa ndevu zake. Wakula m'zaka zimene zikho zidayamba kupita kwina. Ulendo wina Leeds ikupita koyenda, adandilembera kuti timu ili bwino ndithu, koma mtima wake sukumuuza zabwino. Pansi pake adawonjezera kuti tikiti wagula kale, anyamuka ndi sitima ya 5 koloko.